Kuumba mbalame zakufa za kunyanja: yambani ndi chimene chinazipha

Wowerenga wina, mmisiri wosema ndi kuumba amene akukhala ku Cape Town, wafunsa za ntchito imene akufuna kuyamba. Akamayenda m'mphepete mwa nyanja amapeza mbalame zakuda zitafa pamchenga, ndipo akufuna kupanga ziboliboli komanso chionetsero cha anthu pagombe chokumbukira mbalamezo. Maganizo ake ndi oti atole nthenga ndi mafupa, aphatikize ndi mapulasitiki otayidwa ndi mafunde, koma sakudziwa zipangizo zimene zingapirire mchere ndi mphepo, kapena momwe angakonzere chionetserocho.

Bambo, pa maganizo anuwo pali zinthu ziwiri zimene tikupemphani musinthe musanagule ngakhale waya. Choyamba ndi nthenga ndi mafupa: zisiyeni pomwepo. Chachiwiri ndi pulasitiki, imene mwina ikanena bodza pa za imfa ya mbalame zimenezi.

Mbalame zakuda zimene zimapezeka zambiri pagombe la Western Cape ndi Cape cormorant. Amene anafikako ku chilumba cha Boadzulu pa nyanja ya Malawi amadziwa abale ake a chifuwa choyera aja, oima pamiyala atatambasula mapiko. Ya ku Cape ndi yaing'onoko, yotalika masentimita 60 ndi pang'ono, yolemera kupitirira pang'ono kilogalamu imodzi, yakuda thupi lonse kupatula kachikopa kachikasu pansi pa mlomo. Mu Januwale 2021 makolo a mbalamezi anathawa zisa pa Robben Island, ndipo bungwe losamalira mbalame za kunyanja la SANCCOB linatola anapiye oposa 1,700 osiyidwa. Chimene akatswiri ankachiloza kwambiri ndi njala, chifukwa nsomba zing'onozing'ono zimene mbalamezi zimadya, sardine ndi anchovy, zachepa kumadzulo kwa South Africa. Chakumapeto kwa chaka chomwecho kunabuka chimfine cha mbalame cha H5N1 chimene chinapha mbalame zoposa 20,000, zambiri mwa izo za mtundu womwewu, ndipo Dyer Island ndi kumene kunagwa zambiri. Mapengwini a kumeneko nawo ali ndi mbiri yawoyawo: mu June 2000 sitima ya Treasure inamira pakati pa Robben Island ndi Dassen Island, mafuta ake nadetsa mapengwini pafupifupi 19,000, koma chimene chikuwatha masiku ano ndi kusowa chakudya, mpaka mu 2024 anaikidwa m'gulu la zamoyo zotsala pang'ono kutheratu.

Nanga pulasitiki ikulowa pati? Chithunzi chimene anthu ambiri ali nacho m'mutu, cha mbalame yoola mimba itadzaza zotsekera mabotolo, chinachokera ku zilumba za Midway, pakati pa nyanja ya Pacific, kumene Chris Jordan anayamba kujambula anapiye a mbalame zazikulu za kunyanja zotchedwa albatross mu 2009. Kumeneko pulasitikiyo inalidi m'mimba mwa mbalame. Mukatenga chithunzi chomwecho n'kuchiveka cormorant imene inafa ndi matenda kapena njala, woonera adzapita kwawo akuganiza kuti akasiya kutaya botolo ndiye kuti nkhani yatha, pomwe nkhani yeniyeni ndi ya nsomba ndi ya matenda. Chipangizo chimene mwasankha chimalankhula musanatsegule pakamwa. Ngati mukufuna kugwiritsa ntchito zotola pagombe moona, tengani twaini ya asodzi ndi zidutswa za ukonde, chifukwa zimenezo zimakoladi mbalamezi m'miyendo ndi m'mapiko, ndipo zina zimakamangira zisa. Ngati nkhani yanu ndi njala, chimene chiyenera kuonekera ndi fupa la pachifuwa. Ngati ndi chimfine, ndi kuchuluka kwa mitembo ndi kupindika kwa khosi.

Za nthenga ndi mafupa sitichedwapo. Mbalame za kunyanja ku South Africa n'zotetezedwa ndi lamulo, ndipo kusunga chiwalo chake popanda chilolezo ndi mlandu ngakhale munaipeza itafa kale. Komanso simungadziwe ndi maso ngati ili ndi H5N1, kachilombo kamene kamakhala m'nthenga ndi m'zitosi, kamapha nkhuku, ndipo nthawi zina kamagwira anthu. Mukapeza yakufa kapena yodwala, dziwitsani SANCCOB kapena bungwe la boma loteteza zachilengedwe la CapeNature, galu mum'gwire. Pobwera, tsukani kaye matope a kunsi kwa nsapato ndi sopo, kenaka mviikeni m'madzi a jiki, kapu imodzi pa makapu 6 a madzi, kwa mphindi 10. Jiki sagwira ntchito pa nsapato ya matope.

Chimene mukatenge pagombe ndi maso anu basi, ndi foni. Jambulani mbalameyo kuchokera pamwamba, m'mbali, ndiponso mutagwada kuti kamera ikhale pafupi ndi mchenga, mutaika rula pambali osaikhudza. Anthu ambiri oyamba ntchitoyi amaumba mbalame yamoyo n'kuigoneka chammbali, ndipo imaoneka ngati chidole chogwa pa shelefu. Mbalame yakufa ili ndi maonekedwe ake. Khosi limagwera kumbuyo kapena kupindikira pansi pa thupi. Phiko limodzi limatseguka theka chifukwa cha mafunde, lina litapsinjika pansi. Nthenga zonyowa zimamatirirana m'timagulu tosongoka, thupi n'kuoneka lochepa kwambiri kuposa momwe munkaganizira. Miyendo ili kumbuyo kwenikweni, ndipo zala zonse zinayi n'zolumikizidwa ndi chikopa, osati zitatu ngati za bakha. Pa mbalame yofa ndi njala minofu ya pachifuwa imakhala itasungunuka, fupa lapakati litatuluka ngati mpeni. Onaninso mchenga: mphepo imaukokolola mbali imodzi n'kuuunjika mbali ina, moti theka la mbalameyo limakwiririka. Kuti muone zamoyo momwe zimaimira ndi kuyendera, pitani ku Stony Point ku Betty's Bay, kumene mungazione pamodzi ndi mapengwini muli pa kanjira ka matabwa.

Tsopano ku dongo. Umbani kaye mbalame imodzi yabwino kwambiri, yogona pa thabwa, ya msinkhu weniweni. Dongo la makilogalamu 5 kapena 6 likwana. Popeza ndi yogona, simukusowa waya mkati, ndipo n'kwabwino kutero, chifukwa dongo likamauma limafota pomwe waya safota, ndiye limang'ambika motsatira wayayo. Ngati zomwe mudzatulutse n'zoti zidzawotchedwe, kulitsani chitsanzocho ndi gawo limodzi pa magawo 10, chifukwa kuuma ndi kuwotcha pamodzi kumadya pafupifupi pamenepo. Musajambule nthenga imodziimodzi. Dulani timagulu ta nthenga ndi mpeni wathabwa, mozama pa mapiko ndi mchira, thupi lonse mungolisalaza. Ziboliboli za mkuwa za mmisiri wa ku America Todd McGrain, za mbalame zimene zinatha, kuphatikizapo great auk, mbalame ya kunyanja yosauluka imene yomaliza inaphedwa pa chilumba cha Eldey ku Iceland mu 1844, zilibe nthenga ngakhale imodzi, koma munthu amaizindikira mbalameyo ali patali chifukwa cha msana ndi mlomo. Pa cormorant chozindikiritsa ndi khosi lalitali ndi kambedza kakumapeto kwa mlomo.

Pa chitsanzocho mupangepo chikombole. Onetsetsani kaye kuti palibe malo olowa mkati, monga kunsi kwa phiko kapena kuseri kwa mlomo, amene angagwire chikombole pochotsa. Atsekeni ndi dongo, kapena chikombolecho chikhale cha zidutswa ziwiri. Pulasitala wake ndi woyera uja amapangira chikhakha kuchipatala. Muyeso ndi makilogalamu 1.4 pa lita imodzi ya madzi ozizira. Thirani pulasitala m'madzi, osati madzi mu pulasitala, mumuwaze pang'onopang'ono, mumusiye mphindi 2 anyowe, ndiye mutakase mphindi 2 kapena 3 dzanja lili pansi pa madzi kuti musalowetse mpweya. Wosanjikiza woyamba akhale wopyapyala, womwaza ndi zala kuti alowe m'mizere yonse, kenaka onjezerani mpaka khoma lifike masentimita 3 kapena 4, mutaikamo khonje kapena chiguduli. Amalimba pa mphindi 20 mpaka 30 ndipo amatentha akamalimba. Zimene zimalakwika kawirikawiri n'zitatu: madzi ochuluka amapereka chikombole chofumbutuka, ndowa yokhala ndi zotsalira za pulasitala wakale imachititsa kuti watsopano alimbe musanathire, ndipo kuiwala kupaka sopo pakati pa zidutswa ziwiri kumazimata mpaka kalekale. Zotsala musatsukire mu sinki. Chikombole chiume sabata yathunthu pamalo opita mphepo.

Potulutsa mbalame, yalani dongo lochindikala sentimita imodzi ndi theka kapena 2, mulikanikize m'chikombole kuyambira pakati kupita m'mbali. Pulasitala amamwa madzi, ndipo pakatha theka la ola kapena kuposerapo dongolo limadzilekanitsa lokha. Chikombole chimodzi chikatulutsa zitatu kapena zinayi pa tsiku chimakhuta madzi n'kuyamba kugwira, choncho pangani zingapo. Iliyonse ikatuluka ikadali yofewa, ipindeni khosi mosiyana ndi inzake, mukankhe phiko, mutembenuze mutu. Mukapanda kutero mudzakhala ndi mbalame imodzi yobwerezedwa, ndipo diso la woonera limazindikira zimenezo msanga. Ngati simudzaziwotcha, sakanizani m'dongomo mapepala onyika ophwanyaphwanya kapena khonje woduladula kuti mapiko asathyoke ponyamula, ndipo kuda kwake kuchokere ku makala osinja ndi kusefa. Ziume pamthunzi masiku 7 mpaka 10, zitafunditsidwa pang'ono masiku oyamba, chifukwa mlomo ndi nsonga za mapiko zimauma msanga kuposa thupi n'kuduka.

Dongo losawotcha lili ndi khalidwe limene lingakhale mtima wa ntchito yanu yonse. Louma gwa likakhudza madzi limalira pang'ono, limatulutsa thovu, n'kugumuka m'mphindi zochepa. Limene likadali ndi chinyezi, lolimba koma lozizira mukaligwira, limatha maola lili m'madzi osasintha kwenikweni. Ndiye mukasakaniza zouma mosiyanasiyana mungathe kulamula kuti iyi igwe poyamba, iyo itsale. Koma ife tikuti zimenezi muchitire m'nyumba yoonetsera, m'thireyi yaikulu yosazama yoyalidwa pulasitiki wakuda, madzi akulowa pang'onopang'ono ndi kapaipi. Mbalame 200 za makilogalamu 2 iliyonse ndi dongo la makilogalamu 400, ndipo kulitaya m'nyanja n'kuthira matope pa tizilombo ta m'maiwe a m'miyala. Palibe woyang'anira gombe amene angakuloleni, ndipo angakhale akulondola.

Pagombe penipeni gwiritsani ntchito mchenga wa pomwepo ndi madzi a pomwepo. Apa chikombole cha pulasitala n'cholemera ndipo mchere umachidya, ndiye pangani cha fibreglass, nsalu ya ulusi wa galasi youmitsidwa ndi zomatira zamadzimadzi zotchedwa resin: magawo atatu a nsalu yake, mankhwala olimbitsira 2 pa 100 aliwonse a resin, panja kapena pamalo opita mphepo, mutavala magolovesi ndi chotseka pamphuno. Chikhale chosazama ndi chotseguka bwino kukamwa. Dzazani mchenga wonyowa kwambiri masentimita 5 nthawi imodzi, mutsendere ndi chibakera, muonjezere, mutseke ndi thabwa, mutembenuze, musolole thabwalo, mugogode pang'ono ndi kunyamula chikombole molunjika m'mwamba. Mchenga wosalala wa timiyala ting'onoting'ono umagwira; wokhakhala wosakanikirana ndi zigoba umagumuka, choncho kayeseni gombe lanulo musanalisankhe. Mbalame imodzi imatenga mphindi 4. Ndi zikombole 5 ndi anthu 10, mbalame 200 zimatha m'maola osakwana atatu, ndipo iliyonse ingaimire 100 mwa zija zinafa mu 2021. Nambala imeneyo muwauze anthu, pa pepala kapena pakamwa, kamodzi kokha. Musaziyale m'mizere yowongoka ngati manda a asilikali. Nyanja imasiya mitembo motsatira mzere wokhotakhota wa zinyalala, pena zitatu pamodzi, pena mpata wautali wopanda kanthu. Mchenga ndi woyera pomwe mbalameyo ndi yakuda, koma dzuwa likakhala pansi, m'mawa kapena madzulo, mthunzi umagwira ntchito ya utoto. Masana dzuwa lili pamutu sizioneka n'komwe. Mphepo ikayamba kuumitsa pamwamba, wazani madzi a m'nyanja ndi sipuleya yatsopano imene sinalowemo mankhwala.

Mwina mukufunanso chimodzi chokhalitsa, choima panja pafupi ndi nyanja. Apa mdani ndi mchere. Chitsulo wamba mkati mwa simenti chimachita dzimbiri, dzimbirilo limatupa kuposa chitsulo chimene lachokera, n'kuphulitsa simenti kuchokera mkati. Omanga m'mphepete mwa nyanja amakwirira chitsulo ndi konkire ya masentimita 5, chimene sichitheka pa phiko lopyapyala. Ndiye mafupa a chiboliboli akhale a chitsulo chosachita dzimbiri msanga chotchedwa stainless, ya nambala 316, imene imapirira mchere; ya 304 imene imagulitsidwa kwambiri imachita timaenje ndi madontho ofiirira. Mabawuti, mawaya omangira ndi ndodo zowotcherera zikhale za mtundu womwewo. Mukaphatikiza zitsulo ziwiri zosiyana pamalo onyowa ndi mchere, chimodzi chimadya chinzake, ndipo disiki imene yadulapo chitsulo wamba ikadula stainless imasiyapo tizidutswa toyambitsa dzimbiri. Simenti muyeso umodzi, mchenga wa kumtsinje wotsuka miyeso iwiri ndi theka, madzi a pampopi ochepa ndithu. Mchenga wa pagombe ndi madzi a m'nyanja zisayandikire. Chifunditseni ndi ziguduli zonyowa masiku 7, ndipo musachinyamule chisanathe masiku 28.

Njira ina ndi kulola dzimbiri likhale mbali ya ntchitoyo. Anthu achitsulo 100 a mmisiri wa ku Britain Antony Gormley amene anaimikidwa pa gombe la Crosby pafupi ndi Liverpool mu 2005 amamizidwa ndi kuvundukulidwa ndi madzi tsiku lililonse, ndipo achita dzimbiri ndi kumera tizigoba. Amapirira chifukwa ndi chitsulo chochindikala cholemera makilogalamu mazanamazana, chozikidwa mozama. Lata lopyapyala silingachite zimenezo, limabooka.

Mphepo muiwerengere. Ya kum'mwera chakum'mawa imene imaomba ku Cape m'chilimwe, makamaka Novembala mpaka Malichi, ikafika makilomita 90 pa ola imakankha ndi mphamvu yonga ya makilogalamu 45 pa sikweya mita iliyonse ya chinthu chophwatalala. Mapiko otambasula a masikweya mita awiri ndiye kuti akukankhidwa ndi makilogalamu 90, pamwamba, kutali ndi tsinde. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Siyani mipata pakati pa nthenga kuti mphepo idutse. Pa chinthu choimika tsiku limodzi pamchenga, zikhomo sizigwira. Mangani chingwe pakati pa thabwa kapena thumba la mchenga, mulikwirire chopingasa masentimita 60 mpaka 80, ndipo mukatha mulifukule. Chilichonse choima pamene mafunde amafika chimakumbidwa kunsi ndi madzi obwerera n'kupendekeka.

Mukasankha twaini, ukonde kapena mapulasitiki ena, dziwani kuti zambiri mwa izo guluu sagwira, chifukwa mabotolo a mafuta, zotsekera ndi zingwe ndi za mtundu woterera umene umakana zomatira. Boolani ndi kusoka ndi waya wa stainless, kapena mangani ndi masikuluwu, monga amachitira a bungwe la Washed Ashore m'chigawo cha Oregon ku America, amene akhala akupanga zinyama zikuluzikulu ndi zinyalala za pagombe kuyambira 2010. Musazitenthe pamoto kuti zipindike, utsi wake ndi woipa. Ndipo pulasitiki imene yakhala padzuwa imakhala yofumbutuka kale, moti chiboliboli chake chikaima panja chimabwezera tizidutswa m'nyanja momwe munazichotsa. Malo ake ndi m'nyumba.

Chipangizo chimene chimafanana kwambiri ndi mbalame yonyowa ndi kelp, chomera chachitali chabulauni chija chimatayidwa ndi mafunde. Chikadali chachiwisi chimadulika ndi kusokeka ngati chikopa, ndipo chikauma chimada n'kukwinyika. Vuto lake chimafota kwambiri, moti mukachikoka zolimba pa mafupa a waya chimawapinda kapena kung'ambika, chisiyeni cholendewera. Chitsukeni m'madzi abwino, muchinyike masiku awiri kapena atatu mu glycerine muyeso umodzi pa miyeso itatu ya madzi kuti chisauma gwa. Nyengo ya chinyezi chimafewanso n'kutuluka mchere woyera, nthawi zina nkhungu. Funsani za chilolezo musanatole, ndipo tengani pang'ono: mulu wa kelp woola ndi chakudya cha tizilombo timene mbalame za pagombe zimadya.

Chionetsero cha anthu chimalamulidwa ndi madzi. Nyanja imadzaza kawiri pa tsiku, motalikirana maola 12 ndi mphindi 25, ndipo tsiku lililonse nthawiyo imachedwerapo ndi mphindi pafupifupi 50. Ku Cape Town kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa kumafika mita imodzi ndi theka kapena kuposerapo pang'ono masiku otsatira mwezi wathunthu ndi mwezi watsopano, ndipo kumachepa kwambiri mwezi ukakhala theka. Madzi sakwera mofanana: ola loyamba akwera gawo limodzi pa magawo 12, lachiwiri magawo awiri, lachitatu ndi lachinayi magawo atatuatatu, kenaka amachedwanso. Tanthauzo lake n'lakuti muyambe kuumba madzi atatsala maola awiri kuti aphweretu, mumalize ola limodzi atayamba kubwerera, ndipo anthu afike pa ola lachitatu pamene madzi akuthamanga. Pa gombe lathyathyathya ngati la Muizenberg madzi amayenda mtunda wautali. Pa lotsetsereka amangosuntha mamita ochepa koma mafunde ake amagwa mwamphamvu. Dzulo lake pitani ndi timitengo, muzike pamene madzi afika theka la ola lililonse, n'kuonjezera mphindi 50. Tebulo losonyeza nthawi yodzaza ndi yophwa madzi silidziwa za namondwe wa kutali, choncho m'mawa wa tsikulo onaninso kukula kwa mafunde.

Ovina asakupize manja ngati mapiko. Anthu amaseka, ndipo akaseka simuwabwezanso. Tengani zinthu ziwiri kapena zitatu zimene mbalameyi imachitadi. Zimauluka m'mzere wautali pafupi ndi madzi, imodzi pambuyo pa inzake: anthu 12 oyenda chotero m'mphepete mwa madzi, mtunda wofanana, akwana. Zimaima chilili zitatambasula mapiko kuti aume: munthu woima manja ali m'mbali, zigongono zitagwa, kwa mphindi zitatu, mpaka mapewa ayambe kunjenjemera zenizeni. Yodwala chimfine imagwedeza mutu, imazungulira pamalo amodzi, imalephera kuima, ndipo sithawa munthu. Chimenechi achite munthu mmodzi yekha, mwachidule. Ena azingotsalira mumzere mmodzimmodzi n'kugona pakati pa mbalame za mchenga zija, otsalawo osatembenuka. Mphindi 20 mpaka 30 n'zokwanira.

Popeza ndinu wakwathu, mwina mwaganizapo zobwereka maonekedwe a gule wamkulu, poti nayenso amatuluka pamaliro. Ife tikuti ayi. Zilombo zili ndi eni ake ndi malamulo ake, ndipo pa gombe la Cape zingangosanduka chokopa alendo ojambula, mbalame n'kuiwalika. Chimene mungatenge kwathu ndi mwambo wokhala chete pamodzi pasiwa, umene sufuna chovala chapadera.

Zovala zikhale za nsalu yakuda yosafika pansi, yosoka bwino kuti pasagwe kanthu. Nsalu yaitali ikanyowa imalemera ndipo funde lobwerera limaikoka pamodzi ndi mwini wake. Ngati mbali ina ikunena za mafuta a sitima, musayerekeze kugwiritsa ntchito oilo weniweni. Phikani phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa, muthiremo makala osefa, lizizire; limanyezimira ndi kutsetsereka pakhungu ndipo limachoka ndi madzi. Liyeseni pa mkono dzulo lake, ndipo lisafike m'maso.

Kuzizira ndi kumene kumavulaza anthu pa ntchito zotere. Madzi a mbali ya Atlantic, amene amabwera ndi mkokomo wa madzi ozizira wotchedwa Benguela, nthawi zambiri amakhala pakati pa madigiri 10 ndi 14 ngakhale m'chilimwe. Ku False Bay ndi ofundirapo. Munthu wogona pamchenga wonyowa osasuntha amataya kutentha msanga kuposa woyenda. Avale wetsuit, chovala cha labala chosunga kutentha m'madzi, mkati mwa zovala zawo, asagone kupitirira mphindi 15, mutu uloze kumtunda, ndipo adzuke madzi akafika m'chiuno, osadikira. Pa ovina anayi alionse pakhale munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kuyang'ana nyanja ndi iwowo basi, ali ndi wezulo. Wina akayamba kulankhula mosamveka kapena kulephera kugwira zinthu, chionetsero chathera pomwepo kwa iyeyo: mabulangete, zovala zouma, tiyi wotentha. Sankhani gombe lokhala ndi opulumutsa anthu, muwauze za dongosolo lanu, ndipo nambala ya NSRI, bungwe lopulumutsa anthu panyanja, ikhale m'foni.

Mawu amatayika pagombe. Ikani oonera kumene mphepo ikupita kuti iwabweretsere mawu, dzuwa likhale kumbuyo kwawo kapena m'mbali. Cormorant ndi mbalame yachete ikakhala kutali ndi zisa, ndiye kusowa nyimbo sikulakwika. Musaulutse kulira kwa mbalame kojambulidwa, chifukwa kumasokoneza zamoyo zimene zili pafupi, ndipo drone ndi yoletsedwa m'malo a SANParks, bungwe loyang'anira malo osungirako zachilengedwe a boma, kuphatikizapo gombe la mapengwini la Boulders. Wojambula aime malo amodzi ndi kamera yapamiyendo, maikolofoni itavekedwa chaubweya chotchinga mphepo.

Chilolezo chipempheni kwa mwini gombe, kaya ndi khonsolo ya mzinda wa Cape Town, SANParks kapena CapeNature, miyezi iwiri tsikulo lisanafike, mutalemba chiwerengero cha anthu, zimene mubweretse ndi momwe mudzazichotsere. Pewani malo oswanirana mbalame, ndipo ngakhale pa gombe wamba, kuyambira Novembala mpaka Malichi oystercatcher wakuda wa mlomo wofiira ndi timbalame tina timaikira mazira pamchenga wouma pamwamba pa mzere wa madzi, m'kadzenje kosaoneka. Gulu la oonera likaima pamenepo, makolo amathawa ndipo mazira amapsa ndi dzuwa kapena kudyedwa. Mangani chingwe chosonyeza poima anthu pa mchenga wonyowa, ndipo muyende malowo m'mawa ndi munthu wodziwa mbalame. Zonse zimene mwabwera nazo muzilembe pa pepala, zikombole, timitengo, zingwe, matumba okwirira, ndipo pochoka muziwerenge chimodzichimodzi madzi asanazikwirire.